Tsiku limene Tisa anandikana m'ndege

Ndalemba nkhani zambiri za anthu ogwidwa ndi apolisi, koma ya tsiku limene ndinatsala pang'ono kugwidwa ineyo sinatulukepo m'nyuzipepala. Ndinaonetsetsa kuti isatuluke.

Zinali zaka zija makampani a boma akugulitsidwa, kampani ya ndege ya boma itatsekedwa, m'malo mwake mutabwera timakampani ting'onoting'ono. Mlongo wanga Esnati, namwino, anali atapeza ntchito ku Joni, ndipo mwana wake Tisa, wa zaka zisanu ndi zitatu, ankakhala ndi amayi athu ku komboni ya Mtendere. Sukulu itatsala pang'ono kutsekera, Esnati anatumiza tikiti ya mwana woyenda yekha. Mwana wotere amamuveka kachikwama ka mapepala m'khosi, ndipo ogwira ntchito m'ndege amamuyang'anira mpaka kukamupereka m'manja mwa kholo lake.

Ine ndine malume, ndipo kwathu malume ndiye mwini mbumba. Nkhawa inandigwira. Choncho ndinatsegula sukulu pakhonde pa amayi, yomuphunzitsa Tisa kukana anthu osawadziwa. Ndikaweruka ku ntchito ndinkavala chipewa ndi magalasi akuda, n'kutulutsa siwiti m'thumba.

"Iwe kamwana, bwela utenge. Ndine amalume bako."

"Sinikuzibani."

"Aya si mayeso, Tisa. Ndine zoona."

"Sinikuzibani. Nisiyeni."

Akaseka kapena kutambasula dzanja, tinkayambiranso. Ndinamuchenjezanso kuti mayeso aakulu adzabwera tsiku limene sakuyembekezera. (Mawu amenewa muwasunge.)

Kenaka mkonzi wathu anandisankha kupita ku msonkhano wa atolankhani ku Joni komweko. Masiku amenewo misonkhano inkayoyoka ngati mango a mu Disembala. Ndinapeza malo m'ndege yomweyo. Amayi anati ndi Mulungu wayankha. "Ukamugwire dzanja ndege ikamanyamuka," anatero. "Usakamusiye." Zosintha tikiti ya Tisa kuti asakhalenso mwana woyenda yekha sizinandibwerere m'mutu. Pa bwalo la ndege ndinangopempha mpando woyandikana naye, ndipo anandipatsa.

Tisa anamulowetsa poyamba, monga amachitira ndi ana otere. Ine ndinalowa ndi gulu, ndili mu jekete ndi tayi, n'kukhala pambali pake. Ndinali nditawerenga kuti kumung'unya siwiti kumathandiza makutu ndege ikamakwera (izi n'zoona, kafunseni), choncho ndinatulutsa imodzi. Tisa anaiyang'ana, nandiyang'ana, n'kuuma gwa, maso kutsogolo.

Mtsikana wogwira ntchito m'ndege anaona zonsezo.

"Pepani bwana, tizakupemphani musinthe mpando. Mwana oyenda eka sankhala na mwamuna. Ni lamulo ya kampani."

"Mwamuna aliyense?"

"Aliyense."

"Nanga mkazi?"

"Mkazi ali che bwino."

Ndinamwetulira ngati munthu amene ali ndi yankho m'thumba. "Ine ndine malume wake."

Anayerekeza dzina la pa tikiti yanga ndi la m'kachikwama ka Tisa. Anali osiyana, poti mwana amatenga dzina la bambo ake. Ndinayamba kufotokoza za mbumba, koma mtsikanayo anali atagwada kale pafupi ndi mwana.

"Tisa, ubaziba aba?"

"Sinibaziba."

Ndinawerama, n'kunena motsitsa mawu: "Aya si mayeso, Tisa. Ndine zoona." Ndili mkati monena ndinazindikira kuti ndi mawu omwe aja a pakhonde, osasintha ngakhale limodzi.

"Sinikuzibani. Nisiyeni!" Anakweza mawu bwino lomwe, monga ndinamuphunzitsira.

Mitu yonse inatembenuka. Panabwera mkulu wa ogwira ntchitowo, bambo wosaseka, nandiuza kuti chitseko sichinatsekedwe, ndipo apolisi a pa bwalo sali kutali. Ndisankhe: kusintha mpando kapena kutsika. Ndinaona mutu wa nkhani m'maso mwanga, zilembo zikuluzikulu, ndipo ndinkadziwa ndi mnzanga yemwe akanaulemba. Choopsa kuposa pamenepo, ndikatsika Tisa apita yekha, ine ndikafotokoze kwa amayi ku Mtendere. Ndinanyamuka.

Anandisinthanitsa ndi mayi wina wamalonda wa ku Kanyama amene anali kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi chimbudzi. Tikupatsana njira anandiyeza kuyambira nsapato mpaka kumutu. "Na tayi yonse iyi," anatero, "mulibe nsoni."

Ndege ikunyamuka ndinatalikitsa khosi, koma ndinkangoona kariboni ka m'mutu mwa Tisa. Kaya akulira, kaya makutu akumupweteka, sindinkadziwa. Mayi wodalirika uja anagona tisanapitirire mitambo. Mkonono wake unkandipeza komwe ndinali. Nditapita kutsogolo kuti ndingosuzumira, bambo wosaseka uja anaima panjira n'kundikumbutsa kuti chimbudzi chili kumene ndachokera. Chakudya sindinachikhudze. Ulendo wonse ndinkayang'ana ngati wina akulankhula ndi woyendetsa ndege za ine, ndikudzifunsa kuti apolisi a ku Joni amamva Chinyanja kapena ayi.

Titafika ndinayenda patali, manja onse poonekera. Esnati anali pachipata. Mtsikana uja anamupatsa mwana, kenaka anamunong'oneza kanthu akuloza ine ndi chibwano. Esnati anatembenuka.

"Achimwene, mwachita chiyani?"

Ndisanayankhe, Tisa anathamanga n'kundikumbatira m'chiuno. "Amalume, napasa?"

Mtsikanayo anapepesa, koma anawonjezera kuti ngakhale mwana akanandivomera, lamulo likanandisunthabe.

Usiku wa tsikulo, kwa Esnati, ndinayamba kulemba nkhani yodzudzula lamulolo. Mpaka pano ndimaona kuti n'kulakwa kumuyesa munthu chigawenga chifukwa wavala buluku. Ndinamuwerengera Esnati ndime yoyamba, yamoto ndithu. Anamvetsera mpaka kumapeto, Tisa atamufotokozera kale za sukulu ya pakhonde.

"Zamveka," anatero. "Koma pa mayeso anu onsewo, munavalapo chitenje ngakhale kamodzi?"

Ndinaganiza. Wakuba ana aliyense amene ndinamuonetsa mwanayo anali mwamuna, wa msinkhu wanga, wa mawu anga. Ndime yachiwiri sindinailembe. Siwiti ija inali idakali m'thumba la jekete, itayamba kusungunuka. Ndinamupatsa Tisa, poti mayesowo anakhoza.