Dina Ponseponse

Nzeru yokaba mafiriji inabadwira pa botolo, monga nzeru zonse za Mapulani. Gulu lake linali la anthu awiri ndi theka: iyeyo, Kiyibodi wokonza makompyuta, ndi Chigodo, amene ntchito yake inali kuvomereza.

"Magaye, kuthyola maloko n'kwachikale," anatero Mapulani. "Mafiriji tikatenga dzuwa likuswa mtengo, alonda akutinyamulira okha. Koma ndisagwidwe. Madamu anena kuti ndikalowanso m'chitokosi, akupita kwawo."

M'mawa mwake Kiyibodi anapita kukakonza pulinta ku kampani yogulitsa mafiriji, Mapulani atamunyamulira chikwama ngati womuthandiza. Mlembi atatuluka kukadya, awiriwo anapeza pa kompyuta kalata yopita kwa alonda: dalaivala wakutiwakuti abwera Lachisanu kudzatenga mafiriji, mumutsegulire.

"Taonani abigi," anatero Kiyibodi. "Apa ndilemba dzina la dalaivala, apa lanu la pachiphaso. Makinawa afufuza okha n'kusintha. Tizisintha malo amodziamodzi tikuwerenga, kapena ndidine ponseponse?"

"Zowerenga n'zakusukulu, aise. Dina ponseponse!"

Anadina. Kompyuta, poti sidziwa kukana, inasintha ponseponse, mpaka pa tsamba lachiwiri limene akatswiri athuwa sanalione n'komwe. Mlembi pobwera anangosindikiza n'kutumiza ku geti.

Lachisanu anafika pa lole yobwereka, Mapulani atavala magalasi akuda. Mlonda anayang'ana chiphaso, anamwetulira ngati walandira mkamwini, n'kutsegula geti. Atangolowa, analitseka ndi loko.

"Ulemu umenewu mwauona?" ananong'ona Mapulani.

"Eetu," anavomereza Chigodo.

Kuseri kwa mafiriji kunatulukira apolisi. Wamkulu wawo anawerenga tsamba lachiwiri mokweza, akutchula dzina lonse la Mapulani: dalaivala ameneyu wakhala akuba dizilo wa kampani, mafirijiwa ndi nyambo chabe, akangolowa mumugwire.

Mapulani anachita mantha kwambiri, osati ndi apolisi, koma ndi madamu.

"Bwana, ine ndi dizilo sitidziwana!"

"Nanga dzina lako linalowa bwanji m'kalatamu?"

Mapulani anayang'ana Kiyibodi. Kiyibodi anayang'ana kudenga. Koma Chigodo zinamupweteka mumtima kuona abwana ake akunamiziridwa, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wake anatsutsa munthu.

"Ayi bwana, musawaipitsire mbiri! Dzinalo tinalilowetsa tokha. Iwowa sanabepo dizilo, ife tabwera kudzaba mafiriji!"

Madzulo madamu anafika kupolisi atanyamula kaphukusi. Mapulani anakatsegula mwachangu, poyesa chakudya. Munali makiyi a nyumba.