Tsiku Limene Ndinalira pa Maliro Anga

Nkhani iyi ndikanakonda ikanaolera m'mimba mwanga, koma popeza komboni yathu yonse ya Kalingalinga ikuidziwa kale, bola muimve kwa mwiniwakene. Enawa amaithira mchere wambiri.

Ine ndine Zulu, ndimawotcherera mageti ndi mawindo m'mbali mwa msewu. Chaka chatha ndinatuluka chithupsa pamalo oipa, pathako lakumanzere. Chinayamba ngati kanjere ka chimanga, posakhalitsa chinafika ngati dzira. Kukhala pansi kunakanika. Ndinkadya choimirira, ndipo akazi anga, amake Daliso, atafunsa ndinawauza kuti ndi msana. Koma mumtima ndinali nditagamula kale kuti ndi khansa, ndipo ndinkaopa kwambiri.

Kukiliniki sindinafune n'komwe. Pamzere paja umakumana ndi komboni yonse, aliyense akufuna adziwe chakubweretsa. Ndiye ine, bambo wa ndevu zanga, mkulu wa mpingo, ndikaime njo pambali pa benchi yopanda munthu? Anthu si ana, akanazindikira pompo.

Kasitomala wina anandiuza kuti masiku ano kuli madokotala a pafoni. Umaimba pa video, akuona, akuuza chochita. Anzanga a pantchito anaseka.

"Doctor wamene sakugwila angazibe chani?" anatero mmodzi.

Ine ndinaseka nawo, koma m'khutu zinali zitalowa. Dokotala wosandigwira, wosandidziwa, wosapemphera kwathu, ndi amene ndinkamufuna. Ndinaimba mobisa. Anayankha mtsikana waulemu, nandifunsa dzina, zaka, ndi nambala ina yoti aimbe ngati yanga yavuta. Ndinatchula ya amake Daliso osaganiza kawiri. Anandiuza kuti ndidzaonana ndi dokotala Loweruka m'mawa.

Nyumba zathu makoma ake ndi opyapyala, ukatsokomola aneba amakupepesa. Choncho Loweruka m'mawa, akazi anga atapita kumsika kumene amagulitsa zovala za salaula, ndinakabisala m'chinyumba china chosamalizidwa kumapeto kwa komboni.

Dokotala anali mayi wa magalasi, wankhope yodekha.

"Ba Zulu, chavuta n'chani?"

"Ba doctor, nili na ka problem kumbuyo."

"Kumusana?"

"Pansi pang'ono."

"Okay. Nilangizeni nione."

Abale, yesani tsiku lina kujambula kumbuyo kwanu, dzanja lina litagwira thalauzi. Ndinapotokola thupi mpaka khosi linalira.

"Nikuona chabe ma blocks na kumwamba, ba Zulu. Selukani pang'ono. Ku left. Apo, imani apo." Anasendeza nkhope pafupi ndi foni. "Hmm. Ba Zulu, ichi ni..."

Foni zii. Batire inali itatha, chifukwa magetsi anali atapita chichokere dzulo lake.

Ichi ni chiyani? Ndinatsala nditaima m'chinyumba muja, thalauzi m'mawondo, thukuta lili kamukamu. Ka "hmm" kaja kanandimaliza. Ndinadziuza kuti dokotala sanena "hmm" pa matenda a masewera.

Ndinayenda mokhwekhwereza mwendo mpaka ku komboni yoyandikana nafe ya Mtendere, kwa wometa wina amene ali ndi sola. Ndinapeza mafoni ali mbwee, aliyense akudikira mpata. Wometayo anandipatsa mpando kangapo, ine n'kumati ndimakonda kuimirira. Dzuwa linapendeka ndili chilili. Foni itadzaza, kuyatsa ndinaopa. Ndinati ayi, ndikawauze kaye amake Daliso zoona zake, uthenga woipawo tikaumvere limodzi.

Zimene zinachitika ine kulibe ndinazimva pambuyo pake. Mtsikana wa kwa dokotala uja atalephera kundipeza, anaimbira akazi anga ali pakati pa phokoso la msika.

"Ndimwe ba Mrs Zulu? Nikutuma kuchoka kuli ba doctor. Bamuna banu benze na ba doctor kuseni, manje tabaluza. Tayesa maningi, koma..."

Iye ankanena za netiweki. Koma kuno munthu wa kuchipatala akati "tabaluza," palibe amadikira mawu otsatira. Amake Daliso anaponya foni pa mulu wa zovala n'kugwa pansi. Zonse zinagwirizana: bambo wosakhala pansi, wosadya bwino, wobisa matenda, ndipo foni yake yozima.

Nditakhota pakona ya kwathu, ndinaona sofa yanga ili panja, azibambo atakhalapo mitu ili pansi. Kwathu kuno mipando ikatulutsidwa panja sufunsa, umadziwa kuti m'nyumbamo azimayi akhala pansi akulira maliro. Ndipo kulirako ndinkakumva.

Wamwalira ndani? Akazi anga ali ndi BP. Ndinaiwala chithupsa, ndinaiwala khansa, ndinanyamula manja kumutu n'kuyamba kuthamanga.

"Bamake Daliso, mwanisiya na ndani ine! Mayo ine!"

Woyamba kutukula mutu anali ba Mwansa, a landilodi athu, bambo wonenepa amene ndinali ndisanawaonepo akufulumira. Tsiku limenelo analumpha ngalande osaikhudza. Azibambo ena anagwetsa mbaula. Azimayi anasuzumira pakhomo, nyimbo inadukira pakati, ena anatulukira pawindo limene ndinawotcherera ndekha, moti mpaka lero sindidziwa anadutsa bwanji.

Ine ndinkangolirabe, ndikudabwa kuti anthuwa akuthawa chiyani. Ndinagwira mng'ono wanga Mabvuto, amene anakanika kuthawa chifukwa cha mantha.

"Bafa nthawi bwanji alamu bako?"

"Ba... ba big man, bamene bafa ndimwe."

Pamenepo m'pamene ndinaona kuti wavala jekete yanga yachikopa.

Amake Daliso anatuluka atamanga chitenje m'mimba, maso ali psuu. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, anandigwira tsaya, anandikanikiza mphuno. Atatsimikiza kuti ndine wofunda, anandikumbatira mwamphamvu, kenako anandimenya kambama pamsana. Sindinamvepo mpumulo ngati umenewo. Ndinalira kachiwiri, ulendo uno ndi chimwemwe, poona kuti mayi wa ana anga ali moyo.

Anthu anayamba kubwerera mmodzimmodzi, akundizungulira patali. Ena anali atapita kale kumochale kukafuna thupi langa, ndipo anachita kuimbiridwa kuti abwerere, thupilo labwera lokha.

Mafunso ali mkati, foni ya akazi anga inalira. Nambala yomwe ija.

"Ikani pa loud tonse timvele," anatero ba Mwansa, akupumirabe m'mwamba.

Ndinayesa kulanda foni, koma amake Daliso anandimenya padzanja.

"Ba Mrs Zulu, ndine doctor. Bamuna banu bapezeka? Foni inajuba tikali kukamba."

"Bapezeka, ba doctor. Bali pano, ba moyo. Nanga badwala chani?"

"Bali pafupi? Ba Zulu, ningakambe?"

Maso onse anali pa ine. Ndikanati ayi, mawa kukanamveka matenda ena oposa pamenepo. Komanso "ichi ni" uja anali akundidyabe.

"Kambani, ba doctor," ndinatero ndi mawu a mwana.

"Musayope, si cancer iyayi. Ni chitupsa chabe cha kumatako, ndipo chapya. Muzikandapo na kansalu ka manzi yotuma, osachifinya. Ngati sichipulika, olo mwayamba kumvela mpepo, muyende ku clinic bakachiboole."

Ine mtima unagwera m'malo, thupi lonse linapepuka ngati ndatula thumba la simenti. Si khansa! Manyazi anabwera pambuyo, atamva kuti malo alipo.

Abusa athu, amene anali atafika ndi Baibulo kudzatonthoza ofedwa, anatsokomola pofuna kukonza zinthu.

"Tiyamike Mulungu, abale. Ba Zulu, mwalema. Nkalani pansi."

Khamu lonse linayankhira limodzi ngati kwaya: "Sibangakwanise, ba pastor!"

Chiseko chake chinamveka mpaka kumsewu, ndipo amene anaseka kwambiri ndi amake Daliso, misozi ya maliro isanaume n'komwe.

Dokotala wa pafoni amasunga chinsinsi ndithu, wosasunga ndi batire.