Dzina lenileni la mmbulu

Kwathu kumapiri a Anatoliya, malemu a Husnu ankadziwika ndi chinthu chimodzi: kuitana mimbulu. Anali mphunzitsi wopuma pantchito, woonda ngati ndodo yawo yomwe, ndipo chomwe chinkawawawa n'chakuti mmbulu m'chinenero chathu timautcha kurt, mawu otanthauzanso mphutsi.

"Chilombo chonse chija, mphutsi?" ankatero pamalo omwera tiyi. "Makolo anabisa dzina lake poopa kuti ukalitchula chimabwera. Amantha inu!"

Mabuku anawauza kuti dzina lakale ndi böri, koma mwa mitundu yachibale chathu, Akirigizi amati börü, Atatari amati büre. Nanga kholo la onsewa ndi liti? A Husnu anapeza njira yawoyawo: katchulidwe koona ndi komwe mwini dzina angavomere. Basi m'mawa uliwonse ankakwera chitunda, kope m'manja, n'kumakuwa dzina limodzi pa tsiku.

Tsiku lina mimbulu inapha nkhosa za Durmush, mbusa wa mtima wapachala. Durmush anakapeza a Husnu akumwa tiyi.

"Aphunzitsi, alendo anu aja afika!"

"Liti?"

"Dzulo!"

A Husnu anatsegula kope, nkhope ili ngwee. "Dzulo ndinati böri. Zingati, mwanawe?"

"Ziwiri!"

"Ziwiri zokha? Ndiye kuti sindinalitchule bwino."

Durmush tinachita kumugwira anthu atatu.

Ife tinkaseka, koma a Husnu ankaopadi kufa asanalipeze dzinalo. Patapita zaka khumi ndi zinayi anadwala mwakayakaya, dzanja losathanso kugwira cholembera. Masana ena anaitana akazi awo, a Gulizar.

"Mayi, ndalipeza. Lakale kuposa onse aja."

"Musalitchule muno, bambo! Nkhosa zili kuseriku."

"Ndiye bweretsani khutu."

Ananong'ona, ndipo mawa lake anatisiya.

Maliro atatha, chidwi chinatigwira ife tomwe tinkawanena. Amene anapita kukafunsa ndi Durmush yemweyo, chipewa m'manja.

"Amayi, aphunzitsi anati chiyani?"

"Ndili ndi nkhosa zisanu ndi ziwiri, mwananga. Imwa tiyi."

A Gulizar nawo anapita chaka chatha, dzinalo osauza munthu. Masiku ano kumacha mwakachetechete, ndipo kunena zoona sitinazolowere. Mimbulu ikubwerabe monga kale. Ikapha nkhosa timasonkhana pamalo omwera tiyi n'kumangoyang'anana, woti timukalipire palibe.