Mpando Woti Sepo Adzakuliremo

Dambwa North,
Livingstone.

Kwa Bwana Mkulu,
Sitolo ya Chisa cha Mwana.

Bwana wolemekezeka,

Landirani moni wa munthu wamng'ono. Dzina langa ndi Litia Mubita, ntchito yanga ndi yokonza mafiriji. Simundidziwa, ndipo palibe chifukwa choti mundidziwe. Ndine mmodzi mwa makolo aja amene amapukuta mapazi kawiri asanalowe m'sitolo yanu. Ndabwera katatu kuti ndidzakuthokozeni pamaso, koma ulendo uliwonse amandiuza kuti muli pamsonkhano. Poona kuti msonkhanowo walowa sabata yachitatu, ndati ndingolemba poyera, mwina wokubweretserani tiyi adzakuwerengerani.

Ndili ndi mwana wamkazi wa zaka ziwiri, dzina lake Sepo. M'mawa uliwonse ndinkamunyamula pa kagalimoto kanga kukamusiya kwa azakhali ake ku Malota, popeza ine ndi mayi ake, a Lungowe, tonse timagwira ntchito. A Lungowe ndiwo anayambitsa nkhani yoti mwanayu agulidwire mpando wake wa m'galimoto. Ine poyamba ndinakana. Ndinati ife tinachoka ku Mongu titakhala pamatumba a mpunga kumbuyo kwa lole, ndipo mpaka lero tili moyo. Iwo anandiyankha kuti amene sanafike alibe pakamwa poti anenere. Mawa lake ndinali m'sitolo yanu, Sepo ali pamkono. Tsono zothokoza zanga ndi izi.

Choyamba, ndikuthokozeni chifukwa cha wogulitsa wanu, bambo Chrispin. Munthu ameneyu mumusunge bwino, amadziwa mtima wa kholo. Pashelefu panali mipando iwiri ya mtengo wofanana. Wina unali waung'ono, wokhala ndi malamba akeake omanga mwana mapewa, m'chiuno ndi pakati pa miyendo. Winawo unali waukulu, wamsana wautali, wopanda lamba wake, wodalira lamba wa galimoto. Dzanja langa linali litagwira kale waung'onowo pamene bambo Chrispin anapukusa mutu mondimvera chisoni. "Ba boss, uyo mung'ono ni waste, next year azasila," anatero, kutanthauza kuti chaka chamawa udzakhala utamuchepera. "Tengani mukulu, azakuliramo mpaka grade three."

Bwana, mawu amenewo anandifika pamtima, chifukwa ndi mawu amene anandilera. Nsapato zanga za giredi wani zinandikwana ndili giredi folo, zitatha kale kunsi. Zaka zitatu zonsezo kutsogolo kwake kunkakhala nyuzipepala. Kabudula wa yunifolomu ndinkamumanga ndi chingwe m'khwapa. Kwathu chinthu chokwana mwana lero timachiyesa kutaya ndalama, ndipo wogulitsa wanu mwambo umenewu amaudziwa bwino. Sanatayenso nthawi kufunsa zaka za mwana kapena kulemera kwake. Mwanayo anali pamkono panga pomwepo, koma sanamuyang'ane n'kamodzi komwe. Ndinalipira, n'kunyamula waukuluwo.

Chachiwiri, zikomo pondikhulupirira. M'bokosi munalibe kapepala kalikonse kofotokoza kamangidwe ka mpandowu. Ena akanadandaula, koma ine ndinaona kuti mwandilemekeza, mwandiyesa munthu wodziwa zinthu. Titamukhazikamo Sepo, mbali zonse kunatsala malo oti n'kukhalamo mwana wina, ndipo lamba wa galimoto anamudutsa pamphuno. Sindinagwire njakata. Ndinachita zomwe mayi anga ankachita ndi nsapato zija: ndinapinda zitenje ziwiri za a Lungowe, china uku china uku, n'kuika pilo kumsana. Lambayo anatsika kufika pakhosi, ine n'kuti basi zatheka. Aneba anabwera kudzaona, ena mpaka anajambula. Sabata imeneyo ndinkayenda modzimva mu Dambwa North monse.

Chachitatu ndi chokhudza njovu. Ndikudziwa kuti njovu si zanu, ndipo sindikukuimbani mlandu pa mayendedwe ake. Lamulungu lina titaweruka kutchalitchi, tinati tikapitidwe mphepo cha ku mathithi. Titayandikira mlatho wa mtsinje wa Maramba, takisi yomwe inali patsogolo pathu inaima mwadzidzidzi, chifukwa njovu zitatu zinali zitaganiza zowoloka msewu. Ndinaponda mabuleki ndi mphamvu zanga zonse. Galimoto inaima, mpando wanu unaima, zitenje zinaima. Sepo yekha ndiye anapitiriza ulendo. Anatsetsereka kunsi kwa lamba, lambayo n'kumukwapula pakhosi ndi pachibwano, kenako anagwera pansi kuseri kwa mpando wa mayi ake.

Apa, Bwana, ndilekeze kaye nthabwala. Panadutsa kanthawi mwana asanalire, ndipo kanthawi kameneko sindidzakaiwala mpaka kumanda. Ndinachita mantha amene sindinachitepo chibadwire. Atalira, ine ndinalira naye, bambo wamkulu ndevu pepeya, pamaso pa alendo odzaona malo amene anali kalikiliki kujambula njovu. Mwamwayi anangong'ambika mlomo ndi kusupuka pakhosi. Mpando wanu sunakandike paliponse, ndipo pamenepo ndikuyamikireni, ndi katundu wolimba.

Chachinayi, ndithokoze amene amamata mitengo pa katundu wanu. Kuchipatala, namwino amene anatsuka bala la Sepo, mayi Miyoba, anandifunsa funso limene sindinafunsidwe m'sitolo yanu: mwanayu amalemera bwanji? A Lungowe anatulutsa khadi la kusikelo, pakhadipo panali makilogalamu 11. Namwinoyo anatiuza kuti mpando wa mwana sasankha ndi maso ngati diresi, amasankha poona kulemera ndi msinkhu wa mwanayo, ndipo mpando uliwonse umalembedwa kunsi kwake kuti ndi wa ana olemera bwanji. Titafika kunyumba tinautembenuza. Sitinapeze kanthu, koma chipepala chanu chachikasu cha mtengo. A Lungowe anachikanda ndi chikhadabo pang'onopang'ono, ndipo pansi pake panatuluka manambala: 15 mpaka 36. Mpando wonsewo ndi waukulu, malo omata mtengo ndi ambirimbiri, koma wantchito wanu anapeza pamanambala pomwepo. Luso lotere si la munthu aliyense.

Pamenepa ndivomere mbali yanga. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndinalidya ndithu. A Lungowe anandikumbutsa zimenezi masiku anayi otsatizana, m'Chinyanja ndi m'Chilozi momwe.

Chachisanu, zikomo chifukwa cha uphungu wa kadyedwe. Lolemba ndinabwerera ndi mpandowo kusitolo kwanu. Sindinapemphe kuti mundibwezere ndalama. Ndinangopempha kusinthitsa ndi waung'ono uja, umene mpaka lero uli pashelefu pomwe ndinausiya. Bambo Chrispin anandilozera chikwangwani chonena kuti katundu akatuluka pakhomo sabwereranso. Chikwangwani chimenechi, mosiyana ndi manambala aja, palibe anachimata kanthu. Nditawaonetsa chithunzi cha khosi la mwana, anachiyang'anitsitsa n'kunena kuti, "Iye, sorry maningi. Koma four kg ni ing'ono, ba boss. Muzimupasa chabe ma buns na Maheu, pa Christmas azakwana."

Tayesetsa, Bwana. Koma Sepo ndi mwana wosamva. Ukamupatsa banzi amadya pakati pokha, zotsalazo n'kupatsa galu. Namwino akuti pa msinkhu wakewu mwana amawonjezera makilogalamu awiri pachaka, ndiye kuti mpando wanu udzayamba kumuteteza akadzakwanitsa zaka zinayi. Vuto ndi lakuti ku Malota tiyenera kupita mawa m'mawa. Pakalipano azakhali ake amakwera minibasi kudzamutenga, n'kubwerera naye atamufungata pamiyendo, chinthu chimene namwino yemweyo anati n'choopsa kuposa zonse. Tsiku lililonse akatuluka pageti, mtima wanga umakhala m'mwamba mpaka foni ilire kuti afika. Mpando wanu uli pabalaza, timaikapo zovala zochapa.

Tsono ndafika pa pempho langa, ndipo ndikulipereka ndi manja awiri. Mwina ndine ndikulakwitsa. Mwina namwino sadziwa za malonda, ndipo manambala aja anangolembedwa ndi azungu amantha. Bambo Chrispin, pofuna kundilimbitsa mtima, anandiuza kuti inunso muli ndi mdzukulu wa zaka ziwiri, amene mumamukonda kwambiri moti Loweruka lililonse mumayenda naye. Nkhani imeneyi inandisangalatsa, chifukwa akulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Loweruka likubwerali, nthawi ya 10 koloko m'mawa, ndidzaimika kagalimoto kanga pakhomo pa sitolo yanu, mpando uja utamangidwa bwino kumbuyo. Mundibwereke mdzukulu wanuyo kwa mphindi makumi awiri zokha. Tidzamukhazikamo, inu mudzamange lamba ndi manja anu, mudzakhale kutsogolo pambali panga, tidzayende mpaka pamlatho paja n'kubwerera. Ndimayendetsa mosamala kwambiri, mabuleki ndimaponda pokhapokha pakafunika. Mukadzavomera, sindidzakuvutitsaninso, ndipo ndidzalemba kalata ina yopepesa.

Koma ngati powerenga ndime yapitayi mwamva kanthu kakukugwirani pakhosi, musadandaule, si matenda. N'chimene ine ndimamva m'mawa uliwonse. Zikatero mdzukuluyo musiyeni kunyumba, mungotuma munthu atsitse mpando waung'ono uja pashelefu.

Ine wanu wodzichepetsa, amene adzafika 10 koloko isanakwane,

Litia Mubita,
bambo ake a Sepo, wa makilogalamu 11.