Ndinaitana Ana, Kunabwera Doko Lonse

Amuna anga, bambo a Wezi, amati zinali za makina basi. Achemwali awo, alamu anga a NyaMhone, amati mkazi sangaitane kamodzi n'kudzaza gombe ndi amuna ngati sanawazoloweze kale. Onse awiri ndawamvetsera mofatsa, monga anatiphunzitsira ku koleji, koma inu okayika khalani pansi, chifukwa batani ndinadina ndine.

Tiwailesi tam'manja tija, timene ana ankati ova-ova, anabwera nato achimwene anga kuchokera ku Joni, masiku amene foni inkagwira pokhapokha ukakwera pachulu. Panalibe za laisensi: kudina, kulankhula, basi. Pa Khirisimasi tinapita kunyanja, ku gombe la Chikale, banja lonse. Ana anatenga kamodzi n'kukasambira kuseri kwa miyala, kena kanatsala ndi ine pamkeka. Mpunga utapsa ndinadina n'kunena kuti, "Bwerani msanga, zonse ndakonza, ndili pansi pa mtengo wa mango."

Mukumva? Ana asanatuluke n'komwe m'madzi anafika alonda a malo ogona alendo a ku Mwaya ali wefuwefu, pambuyo pawo onyamula katundu a padoko, matumba a chinangwa akadali pamutu, kenako makondakitala amene anasiya maminibasi a ku Mzuzu akulira okha pasiteji, ndiye asodzi anatembenuza mabwato, usipa nawo n'kuwatsatira mpaka kudzadziyanika wokha pamchenga, ndipo sitima imene inali pafupi kukocheza ku Likoma inabwerera chafutambuyo, woyendetsa akufunsa pa chimkuzamawu kuti mtengo wa mangowo uli pati. Ndikulumbira, bambo wina anachokera kutsidya ku Tanzania, mbale ili m'manja, malaya osanyowa.

Onse ndinawagawira. Alamu okha sanadye. Ankangowayang'ana amunawo mmodzimmodzi, kenako ine, mpaka anandifunsa chapansipansi kuti, "Mlamu, onsewa mawu anu anawadziwira kuti?" Sabata isanathe anali ataitanitsa ankhoswe kuti achimwene awo andibweze kwathu.

Tinene chilungamo. Alamu sananame kuti pagulu lonselo panalibe mkazi ndi mmodzi yemwe, ndipo ndikanakhala ine ndikanakayikanso. Bambo a Wezi nawo anali ndi mfundo, ngakhale ankainena osandiyang'ana kumaso: tiwailesi totere tilibe chinsinsi, aliyense amene watchera nambala yomweyo amamva, ndipo alonda ndi makondakitala ambiri anali nato. Koma nanga usipa unatchera nambala yanji? Apa mpamene panandivuta. Mawu a amuna anga ankandipulumutsa koma ankandichepetsa, ngati kuti mkazi aliyense akanatha kubweza sitima. Mawu a alamu ankandithetsera banja, komabe ndi iwo okha amene ankavomereza kuti mphamvu inali pakhosi panga.

Ankhoswe atandifunsa, ndinaganizira ana anga, n'kuyankha kuti, "Ndi makina, bambo. Ine ndine mkazi wamba."

Alamu anatsonya, mlandu unathera pomwepo, bambo a Wezi n'kutsekera tiwailesito m'sutikesi. Banja lilipo mpaka lero. Mukumva? Ndinasankha dala kusawauza onsewo kuti nditatsegula kawailesi kanga pochoka ku Chikale, ndinapeza mulibe mabatire. Achimwene anga anali ataiwala kuikamo.