Tsiku Lomwe Ndinakambirana Mtengo ndi Mapazi

Nkhani iyi ndi yochititsa manyazi, koma ku Kanyama inafalikira kale, choncho bola muimve kwa mwiniwake ena asanathiremo mchere wawo.

Chinali chaka chija kwacha inkangogwa ngati chidakwa, magetsi akuzima tsiku lonse, thumba la ufa likukwera mtengo iwe uli pamzere. Ntchito yanga ya ulonda inali itatha, moti nyumba yonse inkadya kuchokera m'kagalimoto kanga kotuwa komwe ndinkanyamulira anthu kupita mu town. Ndiye kagalimotoko kanayamba kulira kutsogolo, gu-gu-gu pa dzenje lililonse. Inu mukudziwa, kwathu dzenje ndiye msewuwo.

Ndinapita nako ku galaja ya Ba Mwansa dzuwa lili paliwombo. Galajayo ndi bwalo chabe la mpanda wa malata. Sindinapezepo munthu woimirira. Ndinangoona mapazi awiri atasuzumira kunja kuchokera pansi pa minibasi yokhazikidwa pa njerwa. Patapata wofiira, chala chachikulu cha kumanzere chopanda chikhadabo. Ine sukulu sindinapite nayo patali, koma chomwe ndaona sindiiwala.

"Odi, ba makanika."

"Mmm."

"Motoka yanga ilila kutsogolo. Ingadye zingati?"

Mapazi aja anakandana pang'ono, ngati mmene amachitira munthu akamawerengetsera.

"Four hundred."

"Vonse?"

"Vonse. Siyani makiyi pa boneti."

"Mukonze chilichonse chamene chilila, ai? Kukankhala vuto munitumile foni."

Ndinatchula nambala yanga kawiri. Mapazi anayankha kuti mmm.

Ndinabwerera kunyumba ndikuyenda ngati mwini banki. Mkazi wanga, Amake Joyce, anali atangolandira ndalama za chilimba, zija amasonkherana azimayi a pamsika, ndipo ankafuna kuodera tomato. Anandipatulira four hundred uku akundiyang'ana cham'mbali.

"Masiku yano, four hundred? Muli sure?"

"Amake Joyce, nkhani ni kuziba kukamba na banthu."

Tsiku lokatenga galimoto Amake Joyce ananditsatira kuti ndikawatule kumsika. Tinapeza kagalimoto katatsukidwa mpaka matayala. Ba Mwansa, bambo wamfupi wa mimba yotsogola, anatilandira akupukuta manja ndi sanza.

"Ba boss, motoka yanu manje ni namwali. One thousand nine hundred."

Ndinaseka. Iwo sanaseke. Anatsegula buti n'kundionetsa zitsulo zakale zomwe anachotsa: mashoko onse awiri, timphira tong'ambika, ndi zina zomwe sindinkadziwa n'komwe kuti galimoto yanga ili nazo.

"Ma spare yayenda na dollar, boss. Musanalipile, motoka sichoka pano."

Apa ndiye ndinakumbukira pulogalamu ina ya pa wailesi yonena za ufulu wa ogula, yomwe ndinkamvetsera ndikudikira makasitomala. Ndinakoka buluku m'mwamba, ndikukweza mawu kuti ndi a kuseri kwa mpanda omwe amve.

"Ba Mwansa, ine nili na ma rights. Pano munanipasa mtengo wa four hundred. Ngati vinachuluka, munafunika kunifunsa musanagwile sipanala."

"Apo mwakamba zoona," anatero iwo modekha. "Nambala munasiya?"

"Ninasiya, kabili."

"Kuli ndani?"

"Kuli makanika wanu wamene ananipasa mtengo."

"Zina lake?"

"Sininafunse."

"Aoneka bwanji?"

"Nkhope sininaione. Koma mapazi niyaziba."

Amake Joyce anayamba kuyang'ana kumwamba ngati kukudutsa ndege.

Tsoka lake, magetsi anali atazima. Owotcherera a pafupi, ometa tsitsi, amayi a vitumbuwa, onse analibe chochita, ndipo onse analowa mumpanda. Ba Mwansa ataona khamulo, maso awo anawala.

"Chabwino. Mukayapeza mapazi ayo pali anyamata banga, mulipila four hundred chabe. Vosala nizaluza ine. Anyamata, vulani ma buti!"

Amakanika atatu anakhala pa benchi n'kutambasula miyendo. Abale anga, nsapato yomwe yakhala m'galaja mwezi wa Okutobala si chinthu choyandikira ndi mphuno. Koma ndalama za tomato za Amake Joyce zinali pangozi, ndipo galimoto ikagona m'galaja ndiye kuti kunyumba mbaula siyaka. Ndinanjuta, bambo wa ana anayi, n'kuyamba kuyendera zala chimodzichimodzi.

Woyamba, zikhadabo zonse zilipo. Wachiwiri, zilipo, zazitali zoti n'kumasulira sikuluwu. Wachitatu ankaseka ndikamugwira chifukwa cha manyerenyesi. Ba Mwansa nawo anavula zawo mwaulemu n'kundiikira phazi pa tayala.

"Ba inspector, yanganiponso yanga," anatero mayi wa vitumbuwa akukweza chidendene.

Kenako Amake Joyce anandikodola ndi chigongono.

"Atate a Joyce, si yaja?"

Pansi pa minibasi ija, malo omwewo, patapata wofiira. Chala chopanda chikhadabo chikundiyang'ana.

"Uyu!" Ndinathamanga, kugwira akakolo onse awiri n'kukoka ndi mphamvu za ufulu wanga wonse.

Panatuluka mdala wa imvi, ali pa katoni, atakumbatira batire ngati khanda. Ovolosi alibe, m'manja mulibe ndi dontho la girisi lomwe.

Ba Mwansa anachita kukhala pansi ndi phwete. "Awa ni Ba Tembo, customer monga imwe. Minibasi ni yao, iyembekeza ndalama ya gearbox. Bachoka ku Chawama kubwela kulonda batire yao kuti tisabasinthile."

"Mudala," ndinatero mawu atachepa, "nanga munanipasila chani mtengo?"

Ba Tembo anayasamula. "Munanifunsa. Ine nenze na tulo, ninaona kuti nikakamba nambala muzayenda. Koma message ninapeleka bwino: bene bake bakuti konzani vonse."

"Nanga nambala yanga ya foni?"

"Inali itali maningi."

Anthu anaseka mpaka wometa wina anatsamira mpanda, lata n'kugwa. Ba Mwansa atapukuta misozi, anavomera kuti nawonso analakwa kuyamba ntchito pa mawu a munthu wogona, asanaonane ndi mwini galimoto. Anandichotsera ndalama ya ntchito ya manja. Ya zitsulo tinagwirizana kuti ndizipereka pang'onopang'ono, komanso ndizinyamula anyamata awo ulere akamakagula zitsulo mu town. Ulendo uno Amake Joyce anaumirira kuti tilembe papepala, ndipo anasaina okha, ati ine ndikhoza kukasainitsa bondo.

Tinalowa m'galimoto. Kunena zoona, inali itasiyadi kulira. Ndikubwerera m'mbuyo kuti ndituluke pageti, ndinaona Ba Tembo atalowanso kale pansi pa minibasi yawo, kunja kwatsala mapazi okha. Chala chija chinagwedezeka.

"Boss, ikalilanso mubwele straight kuli ine. Mitengo yanga ni yabwino."

Kuyambira tsiku limenelo, wondiuza mtengo ndimayamba ndamupempha kuti aimirire.