Chithunzi cha Agata Chakana Kutuluka

Lolemba
Chiliza cha malemu mkazi wanga Agata tikuvundukula Loweruka. Mmisiri wa ku Balaka akufuna chithunzi cha papepala pofika Lachisanu, achimate pamwala. Chilipo chimodzi chokha, ndipo chili mu kompyuta yakale imene anamupatsa popuma ntchito yotaipa kogula thonje.
Ndayiyatsa. Uyo, duku loyera, akumwetulira. Ndadina pamene ankadina mwini wake. Pulinta ili zii.
Mchimwene wake, Fabiano, akuti, "Alamu, ingojambulani galasilo ndi foni." Iyayi. Agata si mbuzi yamalonda.

Lachiwiri
Zochita: kupukuta fumbi, kuuzira mabowo onse, kumanga chingwe chilichonse ndi ulusi wa mtundu wake kuti ndisasokoneze. Ndazula zonse. Kuseri kwa bokosi la kompyuta ndapeza chisa cha mavu ndi kolona imene Agata anaifuna mpaka kudwala. Ndabwezera zingwe mosamala.
Pulinta ili zii. Tsopano kambewa kolozera zinthu pagalasi nako kafa.

Lachitatu
Minibasi kuchoka pa Phalula mpaka ku Balaka, chingwe cha pulinta chili m'thumba la mkati. Wogulitsa wachitembenuza, waitana anzake. "Madala, ichi si chomangira ng'ombe?" Wandigulitsa fulashi, kachipangizo kolowetsa mu kompyuta, akuti ikoka chithunzi mosavuta.
Kunyumba, bokosi lilibe bowo lolowa fulashi. Ndayang'ana mbali zonse, ndi pansi pomwe.

Lachinayi
Ndalipeza vuto! Kumutu kwa chingwe chopita kugalasi kuli timano tachitsulo, kamodzi n'kopindika. Mwina ndi komweko kakutsekereza zonse. Ndasamba m'manja, ndavala mandala, ndakawongola ndi singano pang'onopang'ono.
Kathyoka.
Agata wasanduka wobiriwira. Nkhope, duku, mano omwe.

Lachisanu
Apongozi afika kuchokera kwa Kawinga. Afuna kuona mwana wawo. Akhala pamphasa nthawi yaitali, maso pagalasi. Kenako: "Mwanayu sanagone bwino. Munamulakwira chiyani, bambo?" Ndafotokoza za kadzino kothyoka kaja. Akuti Agata sanadwalepo mano.
Ndavomera za foni. Fabiano wajambula. Chatuluka chobiriwira, mizere yakuda yadula pamphuno, ndipo paphewa pake pakuoneka dazi langa. Tamutumizira mmisiri, wayankha kuti, "Ichi kumanda? Anthu asiya kudutsa njira imeneyo."

Loweruka
M'mawa, Misa isanayambe, ndati ndiyese komaliza. Ndagwedeza chingwe pang'ono chabe. Galasi lathima.
Chiliza tavundukula. N'chokongola, dzina lalembedwa bwino. Pamwamba mmisiri anasema kale malo ozungulira a chithunzi, ndipo ali pululu. Bambo mfumu awazapo madzi odalitsa osafunsa kanthu. Amayi a mpingo ayimba maso ali pamalo omwewo. Apongozi sanadye.

Lamulungu
Alendo apita. Fabiano potsanzika sanatchule za malangizo ake a Lolemba aja, wangondigwira dzanja nthawi yaitali. Bola akanandinyoza.
Ndayatsa. Bokosi likung'ung'udza, kanyali kake kakuyaka, galasi lili bii. Fabiano anati chithunzi chikadali momwemo, mwina chingwe chingapezeke ku Limbe. Mwina.
Ndatsinzina kuti ndikumbukire mbali imene ankamangira duku lija. Ikubwera ndi nkhope yobiriwira.
Ndazimitsa, ndafunditsa bokosi chitenje chake. Singano ndabweza m'chitini.